Amayi Ako Atsogola

Che Musa anauwerenga kachitatu uthenga wa mwana wawo ataima pakhonde la kuseri, pafupi ndi mabini a zinyalala. Dzuwa linali litayamba kale kutentha. M'nyumbamo azimayi ankalira motsitsa mawu, chifukwa nyumba za ku Germantown n'zogundizana makoma, ndipo wa khomo linalo sachedwa kuimbira apolisi.

Uthengawo unali m'Chingerezi. Shafi Chichewa amachimva, koma kuyankha amayankha m'chilankhulo cha kusukulu.

"Ndamva mawu anu, Adadi. Ndiye kuti Mami agona kwa Anti Zulfa ku Alexandria? Achita bwino, inu mukanawachedwetsa. Muwauze akakhale pamasitepe akutsogolo, mbali ya kumanja. Ndituluka leveni koloko. Inunso musachedwe."

Pamapeto pake anaikapo kankhope komwetulira.

Che Musa sanalire. Anangoima ndi foniyo m'manja ngati munthu amene amugwiritsa katundu wa eni ake padepoti.

Mayi Zuwena, akazi awo amene anakhala nawo m'banja zaka makumi atatu ndi chimodzi, anagwa dzulo lake cha m'ma folo koloko akusita diresi yobiriwira imene anagulira tsiku la leroli. Ambulansi inabwera msanga, madokotala anayesa zimene amayesa, koma mtima umene unkawavuta kwa zaka zisanu unali utaima basi. Chakudza sichiimba ng'oma. Thabwa lositirapo linali chiimire m'chipinda chodyera, diresi ili pomwepo, mkono umodzi wosita, wina wamakwinya. Aliyense ankangolilambalala.

Atatuluka m'chipatala madzulo aja, Che Musa anaimbira Shafi. Foni inali yothima, monga imakhalira akakhala pantchito, ndiye anangosiya mawu mmene munthu wolemekezeka amasiyira: "Shafi mwananga, ndine bambo ako. Amayi ako atsogola. Ife tili m'mbuyo."

Kwathu ngakhale mwana wa sitandade thuu akamva mawu amenewa amaika pansi chimene wanyamula. Koma Shafi anachoka ku Zomba ali ndi zaka zinayi, ndipo Chichewa chake n'cha kukhitchini: idya, tseka chitseko, wasamba kodi? Ndiye m'nyumba imeneyo kutsogola kunali kwa mlungu uliwonse. Popita kumzikiti, kuukwati, kaya kokagula zinthu, mayi Zuwena ankatopa kudikira amuna awo akupukuta nsapato, n'kunyamula kachikwama kawo: "Ine ndatsogola, mundipeza." Mwanayo anamva zimene anazolowera kumva, ndipo wolakwa panalibe.

Chitseko cha kuseri chinatseguka. Anali Zulfa, mng'ono wa malemu, maso atatupa.

"Alamu, Shafi waimba?"

Anamupatsa foni. Zulfa anawerenga n'kutseka pakamwa ndi mpango.

"Mulembereni, alamu. M'Chingerezi, mawu atatu basi."

"Maliro a mayi ake awerenge pafoni ngati uthenga wa kwa dokotala wa mano?"

"Ndiye mutani? Shehe anena kuti tiika ikangotha swala ya Asiri, faifi koloko, ndipo manda akumba kale. Mwana wamwamuna ndi mmodzi yemweyo. Chemwali awalandire ndani m'manda?"

Che Musa anaimbanso. Yothima. Analemba liwu limodzi la Chingerezi, naliyang'ana, n'kulifufuta.

"Ndipita ndekha," anatero.

Makiyi anawalanda ndi a Mubanga, aneba awo a ku Lusaka, Mkatolika wa kwaya, amene chiyambire mmamawa ankatuta mipando kunyumba kwawo. Maliro n'kulirana.

"Awe ba Musa, imwe simungayendetse motoka lelo. Nizakupelekani."

Pamsewu wa 270 magalimoto ankakwawa. Che Musa ankayang'ana nambala ya lole imene inali kutsogolo kwawo mpaka anailoweza, osadziwa kuti akuilowezeranji. Anali atavala suti yakuda ndi nsapato zowala, zimene anapukuta Lamlungu pokonzekera tsikuli. Zina sanazipeze.

"Manje uyu mwana achita chani kweni kuja?" a Mubanga anafunsa, mwina pofuna kuti m'galimotomo mumveke mawu a munthu. "Tinamvela chabe ati ali ku manda."

"Amalondera msilikali wosadziwika. Ku Arlington, pamwamba pa kaphiri. Anafera kunkhondo, dzina lake silidziwika, kwawo sikudziwika. Ndiye boma linati popeza alibe mbale, tikhala abale ake ndife. Chiyambire 1937 sanamusiyepo yekha, mvula kaya chipale chofewa."

"Nanga angabe ndani mtembo?"

"Si za akuba. Ndi ulemu."

Zimenezi Che Musa ankazinena ngati akuwerenga chikwangwani. Masiku ena akanalankhula mpaka kukafika. Akanafotokoza kuti gulu la Shafi ndi lakale kuposa magulu onse a asilikali oyenda pansi m'dzikoli, kuti mwa anyamata ambiri amene amayesa ntchitoyi otsala ndi ochepa, kuti mwana wawo watha miyezi isanu ndi iwiri akuphunzira kuyenda usiku, manda atatsekedwa, popanda womuona, ndipo lero ndi tsiku lake loyamba kuyenda masana pamaso pa anthu. Akanafikanso pa iwo eni, pakuti nkhani za Che Musa zonse zimathera pamenepo: zaka khumi ndi zinayi pa perete ku Zomba, kuima pabwalo la ndege kudikira alendo a boma dzuwa likuswa mtengo, ntchentche ikuyenda pamlomo iwo osaphethira. Akanatchulanso agogo awo, amene anapita kunkhondo ku Burma ndi asilikali a Keyala n'kusabwerako, ndipo mpaka lero palibe akudziwa pamene anagona.

Mayi Zuwena nkhani zimenezi zinawakwana kalekale. Shafi atalembetsa usilikali, mayiwo anakhala mlungu wathunthu osalankhula ndi amuna awo. Koma atamva ntchito imene mwanayo wasankha anaseka mpaka misozi. "Ndiye tinaoloka nyanja yonseyi kuti mwana wanga adzakhale mlonda wa kumanda?" Kenako anapita kukagula diresi.

"Muzamuuza bwanji?" anafunsa a Mubanga atawoloka mlatho.

"Ndimuuza."

"Asanayende olo akasiliza?"

Che Musa anayang'ana wotchi.

Anafika itangodutsa teni koloko. Pachipata anawapima ndi makina, kenako anayamba kukwera wapansi. Mbali zonse kunali miyala yoyera, yofanana msinkhu, mizere yowongoka kukafika kumene maso amalekezera. Ana asukulu ovala malaya amtundu umodzi anawapitirira akunyambita ayisikilimu wa m'makapu. Che Musa anadabwa kuona kuti miyendo yawo ikuyenda bwinobwino, mpweya ukulowa ndi kutuluka, thukuta likutsika m'khosi monga mwa masiku onse. Thupi linalibe nazo ntchito.

Pamwamba pake panali chinyumba chachikulu cha miyala yoyera chopanda denga, ndipo m'mbali mwake, potsika masitepe angapo, panali kachitseko kamene Shafi anawafotokozera kuti ndiko amakhala alonda. Nthawi inali itatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu kuti ikwane leveni. Che Musa anaima n'kumakayang'ana kachitsekoko.

"Gogodani," anatero a Mubanga. "Mukambe na mukulu wao. Bazamumasula manje manje, naonso ni bantu."

"Wavala kale."

"So?"

"Msilikali akavala za perete sumuuza maliro. Manja anjenjemera, mfuti igwa. Miyezi isanu ndi iwiri ithera pomwepo."

"Ba Musa, uyu ni mwana wanu. Si wa boma."

"Theka la ola lokha. Mayi ake akanafuna ayende."

Anayankhula ngati sajeni, ndipo a Mubanga anangopukusa mutu. Koma tinene zoona: sanali malamulo a perete amene anawagwira dzanja. Che Musa ankaopa. Malinga ngati Shafi sakudziwa, panali munthu mmodzi padziko lapansi amene kwa iye Zuwena anali moyo, atavala diresi yobiriwira, akufunafuna malo pamasitepe. Akagogoda pachitsekocho ndiye kuti Zuwena amwalira kachiwiri, ndipo ulendo uno sipadzatsala wina.

Anakaima kutsogolo, mbali ya kumanja, pamene mwanayo ananena. Patsogolo pawo panali bwalo la miyala, chimwala chachikulu choyera cha mandawo, ndi mkeka wakuda wautali pamene mlonda wina, mnyamata wofiira makutu, ankayenda. Anthu anali ambiri, mafoni ali m'mwamba.

Belu litagunda leveni, panatuluka sajeni, nsapato zikulira pamiyala. Anatembenukira khamulo n'kulamula ndi mawu okweza kuti aliyense aimirire ndipo akhale chete. Kenako kumapeto kwa bwalo kunatulukira Shafi.

Poyamba Che Musa sanamuzindikire. Chipewa chinatsika mpaka pamphumi, magalasi akuda anabisa maso, lamba anamanga m'chiuno mpaka mwanayo anaoneka ngati mavu. Pamapewa panalibe chizindikiro cha udindo, chifukwa wolondera pamenepo saloledwa kuoneka wamkulu kuposa wogonayo. Anamuzindikirira makutu. Anali makutu a mayi ake.

Sajeni anatenga mfuti ya Shafi, naitembenuza uku ndi uku, napitsa chala cha golovesi yoyera m'malo onse obisika, n'kuyang'ana chalacho. Anamuyendera kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. Sanapeze kanthu. Atatuwo anachitira sawasha mandawo, ndipo mlonda wotulukayo anauza wolowayo mawu amene amauzana nthawi zonse, akuti malo ndi malamulo zili monga zinalili, palibe chasintha. Shafi anayankha mokweza kuti wamva.

Ndipo anayamba kuyenda. Masitepe makumi awiri ndi limodzi, mwapang'onopang'ono, mutu osagwedera, ngati wasenza ndowa yodzaza. Kumapeto kwa mkeka zidendene zinagundana, khwa! Anatembenukira mandawo n'kuima. Anatembenukanso, nasamutsira mfuti paphewa la kumbali ya anthu, n'kuimanso. Kenako anabwerera.

Che Musa anapeza kuti akuwerenga. Ndi diso la ntchito ankayang'ana chigongono, kutalika kwa sitepe, kagwiridwe ka mfuti, ndipo cholakwika sanachione. Mwanayo ankayenda bwino kuposa mmene iwo anayenderapo moyo wawo wonse. Anadikira kuti chinachake chibwere m'chifuwa, kunyada kaya chisoni, chilichonse. Munali zii. Pambali pawo a Mubanga, amene mwanayo si wawo, misozi inkangotsika.

Kasanu ndi kawiri Shafi anadutsa pafupi nawo, pafupi moti ankamva kachitsulo ka nsapato kakukhudza mkeka. Sanatembenuze mutu. Koma Che Musa anaimapo pa perete, ndipo ankadziwa zimene maso amachita kuseri kwa nkhope youma. Ankadziwa kuti mwanayo akusanthula masitepewo mzere ndi mzere.

Theka la ola linatha. Anasinthana ndi wina, Shafi n'kulowa kukachitseko kaja. Foni ya Che Musa inanjenjemera m'thumba. Anali Zulfa, ndipo sanayankhe. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Anatsika masitepe aja n'kugogoda.

Shafi anatuluka atavula jekete ndi chipewa, malaya atanyowa ndi thukuta, akumwetulira mano onse ngati tsiku limene anapambana mpikisano wothamanga kupulayimale. Anawakumbatira bambo ake, napereka moni kwa a Mubanga ndi manja awiri monga anamuphunzitsira mayi ake.

"Mwaona, Adadi? Sajeni sanapeze kanthu! Ndili ndi mphindi khumi zokha," anatero m'Chingerezi chake chothamanga, maso akuyang'ana kuseri kwawo. "Mami ali kuti? Ndinawafuna mbali ya kumanja, sindinawaone. Apita kuchimbudzi?"

"Shafi. Unamva mawu anga aja?"

"Eya. Munati atsogola."

"Atsogoladi, mwananga."

"Ndiye ali kuti?"

Che Musa anafufuza mawu ena, ofewa, oyenera mkazi amene anakhala naye zaka zonsezi.

"Amayi ako atisiya."

Shafi anaseka pang'ono, mosokonezeka. "Akusiyani? Mwakangananso? Adadi, lero lomwe?"

"Ayi. Atsikira kuli chete. Mulungu watenga chake."

Mwanayo anayang'ana a Mubanga, ngati akupempha womasulira. A Mubanga anayang'ana pansi. Kumwetulira kunali kukuchoka pankhope ya Shafi, koma kumvetsa kunali kusanafike, ndipo Che Musa anaona kuti mawu onse aulemu amene makolo anatisiyira, onse ophimba bwino ngati nsalu, kwa mwana uyu anali zitseko zotseka. Panatsala liwu limodzi limene ankalidziwa motsimikiza, chifukwa ankalimva m'nyumba: foni ikatha moto, batire la galimoto likazizidwa, mbewa ikagwidwa pamsampha m'galaja. Liwu limene munthu sanenera mkazi wake.

"Afa, Shafi. Amayi ako afa."

Linatuluka louma, lalifupi. Che Musa anamva manyazi ngati awavula mayi Zuwena pagulu.

Shafi sanagwe, sanakuwe. Anaima mowongoka, manja m'mbali, nkhope inabwerera mwakale mmene inalili pamkeka paja. Miyezi isanu ndi iwiri anamuphunzitsa zimenezo, ndipo anaphunzira bwino.

"Liti?"

"Dzulo. Folo koloko."

"Dzulo. Bwanji simunanene?"

"Ndinanena, mwananga."

Shafi anatembenuka n'kulowa m'kati. Sipanapite nthawi, sajeni uja anatuluka, wopanda magalasi tsopano, munthu wamba wa maso otopa. Anagwira dzanja la Che Musa ndi manja ake onse awiri, nanena kuti mnyamatayo apite, za ntchito aziona okha.

Anatsika kaphiriko atatu, a Mubanga patsogolo ndithu kuti awapatse mpata. Shafi anali atavala malaya wamba ndi nsapato zothamangira, koma mapazi ake ankaterabe pansi mwa kayendedwe kaja. Kwinakwake kumunsi kunalira mfuti katatu, kenako lipenga. Ankaika maliro a msilikali wina.

"Tiika nthawi yanji?" Shafi anafunsa.

"Faifi. Ikatha Asiri."

Anayenda pang'ono. Kenako Shafi analankhula m'Chichewa, chopindika, cha mwana wa zaka zinayi, chimene bambo ake anali asanachimve kwa zaka zambiri.

"Adadi, ine sindidziwa kuchita. Mundiuze. Chiyani choyamba, chiyani chachiwiri."

Che Musa anamuyang'ana. Mwana amene ankadziwa pamene pagona akuluakulu a nkhondo mazana angapo m'manda ano, amene ankadziwa kutalika kwa sitepe iliyonse yoyendera mlendo wopanda dzina, sanaonepo maliro a kwawo ngakhale amodzi. Ndipo amene sanamutengereko anali iwo.

"Azimayi awasambitsa kale, awaveka sanda," anayamba, mawu ali phwa, ngati akupereka malangizo a perete. "Kumzikiti tiswala titaimirira, palibe kuwerama. Iwe uima mzere woyamba, pafupi ndi ine. Tikatero tinyamula jeneza, chonyamulira maliro. Ugwira kutsogolo, phewa lamanja."

"Kenako?"

"Kumanda uvula nsapato, ulowa m'dzenje. Ena aphimba pamwamba ndi nsalu. Tikupatsira amayi ako, uwalandira ndi manja awiri. Salemera. Uwagoneka chakumanja, nkhope kuyang'ana ku Maka. Umasula mfundo ya kumutu ndi ya kumiyendo."

"Kenako?"

"Utuluka. Uponya dothi katatu ndi dzanja. Tikwirira, shehe apempha dua."

Shafi ankagwedeza mutu pa chilichonse, milomo ikuyenda, akuloweza.

"Kenako?"

"Kenako tibwerera kunyumba."

Shafi anaima pakati pa njira. Gulu la alendo linawapatukira mbali zonse ziwiri.

"Ndani atsala nawo?"

Che Musa anayang'ana kumtunda kumene anachokera. Pakati pa mitengo, patali, kamunthu kakuda kankayenda pang'onopang'ono kutsogolo kwa mwala woyera, kakuima, kakutembenuka.

"Palibe," anatero. "Kwathu sitilondera manda."

Apo ndi pamene mapewa a Shafi anagwa. Anakhala pansi m'mphepete mwa msewu, pa udzu wometedwa bwino wa eni ake, n'kubisa nkhope m'mawondo. Che Musa anaima pambali pake, nsapato zowala zitagundana, manja m'mbali, namutchingira dzuwa.